Dzina la Makolo ndi Ntchito za Mwini Wake



Pa tsiku la chikumbutso maina a makolo amene anayamba ntchito ya Ambuye amatchulidwa ndi ulemu, ndipo nkoyenera kutero. Koma m'menemo muli msampha. Dzina limene linakoma chifukwa cha thukuta la atate limayamba kuyesedwa cholowa cha ana, ndipo dzina limene linaipa limasanduka mtolo wosenzetsa zidzukulu zosalakwa. Pamudzi amati make mbuu, mwana mbuu. Mwambiwu ungakhoze nthawi zina, koma suyenera kukhala muyeso m'bwalo la Eklesia.

Mbiri ya mafumu a Yuda ichitira umboni. Ahazi anatseka zitseko za Kachisi. Mwana wake Hezekiya anazitsegula m'chaka choyamba cha ufumu wake. Manase, wobadwa m'nyumba ya Hezekiya wolungamayo, analamulira zaka 55 namanganso misanje imene atate wake anaipasula. Yosiya, mdzukulu wa Manase, analowa ufumu ali ndi zaka 8, ndipo ndiye amene anabwezera anthu ku chipangano. Magazi anali amodzi, mitima inali yosiyana. Nchifukwa chake Ezekieli 18 aletsa kukankhira mlandu wa atate pa mwana, ndiponso salola mwana woipa kubisala m'chilungamo cha atate wake.

Zotere zaonekanso m'chigawo chino cha Afrika, mu mpingo wa Dutch Reformed, womwewo umene unatumiza amishoni ku Mvera mu 1889 ndi ku Magwero mu 1899. Mbusa Beyers Naudé anabadwa mu 1915. Atate wake, Mbusa Jozua Naudé, anali mmodzi wa oyambitsa Broederbond, gulu lachinsinsi la Maburu limene linachirikiza tsankho ku South Africa. Mwanayo analowa m'gululo ali ndi zaka 25, ndipo dzina lake linamtsegulira makomo onse. Munthu wakuda womva dzinalo sakanayembekezera chabwino kwa iye.

Koma apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Marichi 1960, mipingo inakumana ku Cottesloe mu Disembala chaka chomwecho, nigwirizana kuti munthu asatsekeredwe kunja kwa tchalitchi chifukwa cha khungu lake. Masinodi a mpingo wake anakana mfundozo; Naudé sanabwerere m'mbuyo. Mu 1963 anasankhidwa kukhala Mtsogoleri wa Sinodi ya Southern Transvaal, koma chaka chomwecho anayenera kusankha pakati pa mpando umenewo ndi bungwe la Christian Institute, lophatikiza Akhristu a mitundu yonse. Anasankha bungwelo, nataya mpando, ubusa ndi abwenzi. Ulaliki wake wolengeza chosankha chakecho ku Aasvoëlkop unachokera pa Machitidwe 5:29, za kumvera Mulungu koposa anthu.

Boma linammanga ndi lamulo la chiletso kuyambira 1977 kufikira 1984: sanaloledwe kucheza ndi anthu awiri nthawi imodzi, ndipo mau ake sanaloledwe kusindikizidwa. A mtundu wake anamutcha wopereka abale. Koma Akhristu akuda anamlandira mu mpingo wao ku Alexandra, ndipo mu 1985 analowa m'malo mwa Bishopu Desmond Tutu monga Mlembi Wamkulu wa South African Council of Churches. Iwo anali nazo zifukwa zokwanira zoopera dzinalo, koma anapenya ntchito za mwini wake.

Phunziro ili lifika m'mabwalo onse a Sinodi. Mnyamata akapempha kupita ku sukulu ya ubusa, funso loyamba lisakhale lakuti ndi mwana wa yani. Pali ana a anthu a mitala, ana a odulidwa mu mpingo, ndi ana a akuluakulu a kudambwe, amene moyo wao ukuwala pamaso pa onse. Kuwakana chifukwa cha makolo ao ndiko kubweza mphatso imene Mzimu wapereka. Palinso ana a abusa ndi zidzukulu za alaliki oyamba amene mlandu wao umakwiriridwa poopa kuchititsa manyazi banja lomveka. Bwalo likatero, amasiye ndi osauka amaona, ndipo amaleka kulikhulupirira. Mwana wa mbusayonso amalakwiridwa, pakuti amamanidwa chidzudzulo chimene chikanambweza, monga anamanidwa ana a Eli.

Tsono posankha akulu a mpingo, poitana mbusa, ndi poweruza milandu, bwalo lifunse za chikhulupiriro cha munthuyo, za nyumba yake, za kukhulupirika kwake pa chuma cha mpingo, ndi za umboni wa anansi ake. Mfunda ndi dzina la banja zilembedwe m'buku la ubatizo, kumene ndiko malo ake. Makolo amene akumbukiridwa lero ambiri a iwo anali ana a anthu osadziwika, ndipo Eklesia anawalandira chifukwa cha zipatso zao. Ambuye apatse Sinodi ino mtima wolandira ana a lero ndi muyeso womwewo.