KODI NDUNA ZATHU ZIMAKATENGAKO CIANI KU MISONKHANO YA AFRICA?



Ambiri a inu mwatifunsa kuti: Nduna zikakwera ndeke kunka ku misonkhano ya maiko a Africa, ife a m'makomboni tipindulapo ciani? Kodi si kuononga ndalama za msonkho? Funsoli ndi loyenera, ndipo tiliyankha ndi mlandu wa caka ca 1965.

Bungwe la Umodzi wa Africa, OAU, linayambidwa pa 25 May 1963 mu Addis Ababa ndi maiko 32. Atsogoleri a maiko anali kukomana kamodzi pa caka, koma nduna zao za nkhani zakunja zinali kukomana kawiri, ndiponso pakagwa mlandu wadzidzidzi. Zambia analowa m'bungwelo atalandira ufulu mu 1964, ndipo nduna yathu ya zakunja inali a Simon Kapwepwe.

Mlandu wadzidzidzi sunacedwe. Pa 11 November 1965 Ian Smith anapandukira Britain, nalengeza kuti Azungu a ku Rhodesia adzilamulira okha, eni dziko ali cipenyere. Pa 3 December nduna za OAU zinasonkhana mu Addis Ababa zili zokwiya, ndipo zinapangana kuti ngati Britain sagwetsa Smith pofika pa 15 December, maiko onse adzadula ubale ndi Britain.

Tsono onani pamene ife tinaima. Mkuwa wa ku Nkana ndi ku Mufulira unali kunka kunyanja pa njanji yopyola mu Rhodesia. Malasha osungunulira mkuwawo anali kucokera ku Wankie. Magetsi a m'migodi anali kucokera ku Kariba, ndipo makina ace anali kutsidya kwa Smith. Petulo nayenso anali kulowera komweko. Dziko lakutali likanatha kubweza kazembe wace ku London n'kugona tulo. Ife ai: mpeni unali pakhosi pathu.

Tsiku la 15 December litakwana, maiko 9 okha ndiwo anadula ubale, ndipo mwa iwo munali Tanzania, Ghana ndi Guinea. Tanzania analipira zolimba, pakuti Britain anagwira ngongole ya mapaundi mamiliyoni 7 ndi theka imene anamlonjeza. Zambia sanadule. Si kuti a Kaunda anali kukonda Smith. Iwo ndiwo anaumiriza Harold Wilson kuti atumize asilikali, nati angathe kudzera m'dziko lathu, koma Wilson anakana. Komabe anadziwa kuti kuthamangitsa Angelezi mwezi umenewo ndiko kuwamasula pa mlandu wao womwe, ife n'kutsala tokha.

Mwezi womwewo Britain analetsa mafuta kunka ku Rhodesia, ndipo Smith anabwezera pa ife natseka petulo wathu. Akulu-akulu amene muli pano mukumbuka petulo wogawidwa ndi makuponi. Mukumbuka ndeke za Britain, Canada ndi America zikutula migolo, ndi malole amene anafera pa mseu wa ku Dar es Salaam. Mpope wa mafuta unafika ku Ndola mu 1968, njanji ya TAZARA inatha mu 1975, koma Zimbabwe anadza kumasuka mu 1980. Mau a masiku atatu, katundu wa zaka 15!

Tiphunzirepo ciani? Ena ati misonkhano yotere ndi macezo cabe, nduna zikhale pakhomo. Ife tikana. Zopangana m'nyumba zimenezo zimagwera pa mbale ya wanchito, kaya nduna yace inalipo kaya panalibe. Mpando ukakhala wopanda munthu, anzako akupimira katundu osadziwa msana wako. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Boma lizipita, lizilankhula, koma lisakweze dzanja pa cinthu cimene silingathe kusenza, pakuti walira mvula walira matope.

OAU inatha mu 2002, ndipo m'malo mwace munalowa African Union. Nduna zikali kukomana kukonza zimene atsogoleri akasaina, ndipo mu July 2022 zinakomana mu Lusaka momwe. Lero zikambirana za malonda, za malire ndi za nkhondo za kwa anansi athu, ndipo zonsezi zifika pa mtengo wa unga ndi wa basi.

Cotero nduna ikabwerako, tisaiombere m'manja cabe pa bwalo la ndeke. Tiifunse kudzera mwa aphungu athu ndi m'mabungwe athu a anchito: Mwabvomera ciani m'dzina lathu? Adzalipira ndani? Mudzacita liti? Nduna ndi mthenga wathu, ndipo mthenga akabwera pa ulendo amafotokoza kwa amene anamtuma.