Mzinda ukuyandikira, minda yathu ilowe m'mapulani



Nkhani yanga ndi ya malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 989,000 mumzinda wa Lilongwe, ndipo mzindawu ukusefukira kunja kwa malire ake. Taonani kwa Njewa ndi kwa Chitukula: pomwe panali chimanga, lero pali maziko a nyumba ndi mipanda ya njerwa.

Mkati mwa malirewo, mapulani amayendetsa ndi khonsolo ya mzinda. Ife kunja kuno tili pansi pa khonsolo ya boma ndi mafumu. Makhonsolo awiriwa akapanda kukambirana, ngalande imathera pa malire, madzi oipa amatsikira m'madimba mwathu, munda wachonde nkumadulidwa mapuloti mwachisawawa. Komatu lamulo la mapulani a malo la 2016 limakhudza dziko lonse, ndi kumudzi komwe. Ndiye tisamangoonerera ayi.

Ndikupempha ziwiri. Choyamba, titumize nthumwi ku VDC ndi ADC, zikapemphe kuti makhonsolo onse awiri alembe madambo, madimba ndi malo a nkhokwe yathu ngati malo aulimi. Chachiwiri, tilembetse minda kudzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu. Amayi musaope, lamulo limati mwa anthu 6 osankhidwa m'komitimo, osachepera atatu akhale amayi.

Mzinda si mdani, ndiwo msika wathu wa tomato, mkaka ndi masamba. Koma ndalama ya puloti imatha chaka chisanathe, ndipo wopanda munda alibe chobweretsa ku kopaletivi. Musanasaine chilichonse, bwerani tikambirane kaye.