Diso limaulula kutopa kwa khutu

Nkhani ya lero ndi ya makutu, koma tiyambira m'maso.

Tayang'anani mnzanu amene mwakhala naye pafupi. Pakati pa diso lake pali kadontho kakuda, mwana wa diso. Mumdima kamakula, padzuwa kamachepa, izi tonse tikuzidziwa. Koma kamakulanso munthu akamagwiritsa ntchito mutu mwamphamvu, ngakhale kuwala kukhale komweko. Mu 1966 ku America, Daniel Kahneman ndi Jackson Beatty ankatchulira anthu manambala kuti awasunge m'mutu. Manambala akamachuluka, kadontho kaja kankakula. Munthu akayamba kuwabweza pakamwa, kankachepa pang'onopang'ono.

Mu 1997, Sophia Kramer ndi anzake ku Amsterdam anayesa njira yomweyo pa anthu ovutika kumva. Ankawauza kuti abwereze ziganizo zonenedwa pakati pa phokoso, makina akuyeza diso. Phokoso likachepa, a makutu abwino ankapumula, diso n'kubwerera. Ovutika kumva sankapumula chimodzimodzi. Kafukufuku wotsatira anapezanso kuti mawu a munthu wina wolankhula pambali amatopetsa kuposa phokoso wamba, ndiponso kuti zikafika povuta kwambiri, diso limaleka kukula. Pamenepo munthu wagwa mphwayi, wasiya kumvetsera.

Apa ndiye pali mtima wa nkhani yanga. Khutu likayamba kuwonongeka, nthawi zambiri sikuti mawu onse amazimiririka ayi. Timawu topyapyala monga s, f ndi t ndi timene timayamba kusowa. Munthu amamva kuti mukulankhula, koma mawu amafika oduka, ndipo ubongo umagwira ntchito yolumikiza: kuyang'ana milomo, kulota chimene mwanena, kudikira mawu otsatira kuti atsimikize. Akayankha bwino, ife timati, "Mwaona? Amamva akafuna." Amayi ndi abambo, mawu amenewa tiwasiye. Munthuyo wamvadi, koma wamva movutikira, ndipo mphamvu yochitira zimenezo imatha.

Taganizirani mayi wogwira ntchito m'nyumba ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Wakwera minibasi m'mamawa, wailesi ikulira, kondakitala akukuwa. Kuntchito abwana akumutuma ali kuchipinda china, m'Chingelezi, madzi akutuluka pampopi. Tsiku lonse akusokerera mawu oduka. Akafika kunyumba madzulo n'kukhala duu, ana amati amayi ndi aukali, bambo amati ndi mwano. Ayi, watopa. Chimodzimodzi mwana wokhala kumbuyo m'kalasi yodzaza: m'mawa amatsatira, pofika masana mutu uli pa desiki, ndiye timamutcha waulesi. Agogo akachoka msanga pa chilangamulilo kapena pamaliro, sikuti akunyada.

Musapite kunyumba kukasuzumira ana m'maso ndi tochi. Kusintha kumene ndikunenaku n'kochepa, sikufika ngakhale milimita imodzi, ndipo kumafuna kamera yapadera ndi kuwala kosasinthasintha. Ndi muyeso wa ochita kafukufuku. Ife tili ndi zizindikiro zathu: munthu wopendeketsa mutu, wokwinya nkhope pomvetsera, wokweza TV, wothawa pagulu.

Vutoli si laling'ono. Bungwe la WHO linanena mu 2021 kuti anthu oposa 430 miliyoni padziko lonse akufunika thandizo la makutu. Kwathu kuno, khutu lotuluka mafinya mwa mwana timalizolowera, chikhalirecho limagonthetsa. Onjezani phokoso la chigayo, galainda ya owotcherera zitsulo, jenereta magetsi akathima, ndi nyimbo za m'makutu za achinyamata athu.

Pakhomo, muitaneni munthu wovutika kumva ayambe wakuyang'anani, kenako nenani. Chepetsani wailesi. Lankhulani mmodzimmodzi. Kukuwa sikuthandiza, kumangopotoza mawu. Akapanda kumva, nenani zomwezo m'mawu ena. Mwana wotere aphunzitsi amuike kutsogolo.

Khutu lotuluka mafinya musalithire mafuta kapena kulitokosa ndi kamtengo ka machesi. Yambirani ku kiliniki, akuoneni, akulembereni kalata. Ku chipatala cha UTH kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, ndipo ku chipatala cha Beit CURE amayeza makutu a ana. Mukafika, musangonena kuti "ndimamva pang'ono". Nenaninso kuti mumatopa pomvetsera, ndi malo amene zimavuta kwambiri. Amene akufuna kuti tikaonane ku kiliniki, alembetse kwa a komiti ya zaumoyo tikatha mafunso.