MGODI WA ZILEMBO ZIWIRI

Pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific pali dziko laling'ono lochedwa Tuvalu. Dzikoli ndi zisumbu 9 zokha, ndipo anthu ace ali ngati 11,000. Kale linali m'manja mwa Angerezi, dzina lace Ellice Islands, kufikira linalandira ufulu wodzilamulira pa 1 October 1978. Kumeneko kulibe mkuwa, kulibe malasha, ngakhale mtsinje umodzi kulibe. Anthu adalira nsomba ndi kokonati. Komabe dzikoli liri ndi mgodi wace wodabwitsa, umene sufuna fosholo kapena nyali ya pamphumi. Mgodiwo ndi zilembo ziwiri: tv.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, kuyenera kuyamba ndi keyala. Monga kalata siingafike popanda keyala, momwemonso malo ali onse a pa intaneti ali ndi keyala yace. Dziko liri lonse linapatsidwa zilembo ziwiri zoika kumapeto kwa keyalayo. Za Zambia ndi .zm, za South Africa ndi .za. Zilembozi zicokera pa mndandanda wa maina a maiko wochedwa ISO 3166, ndipo bungwe la IANA ndilo limazipereka. Jon Postel, amene anatsogolera nchito imeneyi zaka zambiri, analemba m'caka ca 1994 kuti wosunga zilembo za dziko angozisungira eni dziko, monga kapitao asungira katundu wa mwini wace.

Tuvalu linagwa m'mwai, pakuti zilembo zace ndi zomwezo zimene anthu a maiko ambiri amachulira wailesi ya kanema. Cifukwa ca ici makampani oonetsa zithunzi zoyenda, monga Twitch, anafuna kuti keyala yao ithere ndi .tv.

Koma kukhala ndi mgodi ndi kwina, kukumba ndi kwinanso. Kusunga zilembo za dziko kufuna buku lalikulu lolembamo mwini wa keyala iri yonse, ndiponso makina amphamvu oyankha usana ndi usiku osaleka. Boma la Tuvalu linalibe makina otere, linalibenso anthu odziwa nchitoyo. Tsono linaganiza zobwereketsa. Kacitidwe kace ndi kotere: munthu wofuna keyala alipira wogulitsa caka ndi caka, wogulitsayo apereka gawo kwa kampani yosunga buku, ndipo kampaniyo ilipira Boma monga mwa pangano.

Poyamba zinthu sizinayende bwino. M'caka ca 1998 kampani yina ya ku Canada inalonjeza ndalama zambiri-mbiri, koma inalephera kuzipeza, ndipo panganolo linafa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. M'caka ca 2000 nchitoyo inagwiridwa ndi kampani ya ku California yochedwa dotTV, imene inalonjeza madola 50 miliyoni pa zaka 12. Caka comweco, pa 5 September, Tuvalu linalowa m'bungwe la United Nations, kukhala dziko la nambala 189, ndipo ndalama za zilembozo zinathandiza kulipira msonkho wa bungwelo. Zina zinaika phula m'miseu ya Funafuti, mzinda wa Boma, zina zinathandiza kufikitsa magetsi ku zisumbu zakutali.

Posacedwa kampani yaikulu ya ku America, Verisign, inagula dotTV ndi madola 45 miliyoni, ndipo inasunga zilembozo pafupi-fupi zaka 20. M'zaka zotsiriza za pangano lace inali kupereka ngati madola 5 miliyoni pa caka. Kwa dziko la anthu owerengeka zimenezi ndi ndalama zooneka ndithu. Koma atsogoleri ena a Tuvalu anadandaula poyera kuti gawo lao linali locepa poyerekeza ndi phindu la kampani. Amene agwira nchito ya m'migodi adziwa bwino dandaulo lotere.

Cimene cinapulumutsa Tuvalu ndi cakuti silinagulitse zilembo zace, koma linangobwereketsa kwa zaka zowerengeka. Pangano la Verisign litafika kumapeto m'caka ca 2021, Boma linaitana makampani kuti apikisane, ndipo mu December linasankha GoDaddy. Mwini munda akabwereketsa munda wace kwa nyengo, akhoza kunena mtengo watsopano nyengoyo ikatha. Akaugulitsa, angotsala ndi kuyang'ana anzace alikukolola.

Tsono pali nkhawa yina yoposa ya ndalama. Zilembo ziwiri zimatsata dziko, ndipo dziko likafafanizidwa pa mndandanda, zilembo zacenso zikhoza kucotsedwa. Zinatero ndi .yu, zilembo za Yugoslavia, zimene zinatsekedwa m'caka ca 2010 dzikolo litapasuka. Ku Tuvalu mdani ndi nyanja. Malo okwera koposa m'dziko lonse safika mamita 5, ndipo madzi alikukwera pang'ono-pang'ono cifukwa ca kutentha kwa dziko lapansi. M'caka ca 2021 nduna yoona za maiko akunja, Simon Kofe, inalankhula kwa msonkhano wa ku Glasgow itaimirira m'nyanja, madzi ali m'maondo, kuti maiko akulu aone ndi maso. M'caka ca 2023 Tuvalu linalemba m'malamulo ace akulu kuti lidzakhalabe dziko mpaka kale-kale, ngakhale nthaka yace itamira.

Cotero munthu akaona keyala yothera ndi .tv, adziwe kuti kuseri kwa zilembozo kuli asodzi, ana a sukulu ndi nkhalamba za pa zisumbu 9, amene alandirako gawo la ndalama zace. Mgodi wao sudzatha ndi kukumba ai. Udzakhalapo malinga maiko ena apitiriza kubvomereza kuti Tuvalu ndi dziko.