Nyumba za Miyala za ku Zimbabwe

Lero ndifuna ndikambe nanu za mzinda wina wakale kwambiri. Ambiri a ife tili ndi abale amene anapita ku Halale kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Koma kodi mudziwa kumene dzina lakuti Zimbabwe linachokera? Ambiri amati linachokera ku mau a Chishona akuti "dzimba dza mabwe", ndiye kuti nyumba za miyala. Nyumbazo zilipo ndithu, pafupi ndi tauni ya Masvingo, ndipo zimatchedwa Great Zimbabwe.

Mzindawu unamangidwa pang'onopang'ono, kuyambira cha m'ma 1100 mpaka cha m'ma 1450. Mbali ina ili pamwamba pa phiri, ina m'chigwa. M'chigwamo muli linga lalikulu lozungulira. Kuti mulizungulire lonse, muyenda mamita pafupifupi 250. Malo ena ndi lalitali mamita 11. Amuna asanu atakwerana pamapewa sangafike pamwamba pake.

Tsono tamverani chodabwitsa. Amisiriwo sanamate miyalayo ndi simenti kapena dothi, ai. Anangoisanja bwinobwino, mwala pamwamba pa unzake, ndipo lingalo laima zaka zoposa 500. Inu amene munamangapo nyumba mudziwa mmene khoma limavutira likangopendekeka pang'ono. Nanga miyala anaitenga kuti? Matanthwe a kumeneko amasendeka okha ngati anyezi. Akatswiri amati anthuwo ankasonkhanso moto pathanthwe, likatentha kwambiri n'kuthirapo madzi, thanthwe n'kung'aluka. Kenaka ankaphwanya zidutswazo kuti zikhale ngati njerwa. M'kati mwa lingalo muli nsanja yooneka ngati nkhokwe yaikulu. Ilibe khomo, ilibe chipinda. Ndi miyala yokhayokha kuyambira pansi mpaka pamwamba.

Mafumu a kumeneko anali olemera. Anali ndi ng'ombe zambiri, ndipo ankagulitsa golide ndi minyanga ya njovu kwa amalonda a kunyanja yamchere, cha ku Sofala m'dziko la Mozambique. Pokumba pamalopo anthu anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, ndi ndalama yachitsulo ya ku Kilwa, m'dziko la Tanzania.

Tsopano tifike pa mlandu. Kodi anamanga mzindawu ndani?

M'chaka cha 1871 kunafika mzungu wa ku Germany, dzina lake Karl Mauch. Iye sanakhulupirire kuti anthu akuda angamange zotere. Anabenthula kamtengo pamphuthu ya khomo lina, n'kukanunkhiza, ndipo anati kakununkhira ngati pensulo yake. Pompo anagamula kuti ndi mkungudza wa ku Lebanon, ndi kuti nyumbazo ndi za Mfumukazi ya ku Seba ya m'Baibulo. Eetu, mlandu waukulu chotere kuugamula ndi mphuno! Chonsecho mtengowo unali wa konkuno ku Africa.

Bodza limeneli linawakomera atsamunda. Ngati eni dziko sanamangepo kanthu, ndiye kuti kuwalanda dzikolo si mlandu. Mu 1902 anaika Richard Hall kuti aziyang'anira malowo. Iye anakumba ndi kutaya dothi lambiri pofunafuna zizindikiro za anthu achilendo. Dothi limenelo ndi lomwe linasunga mapale ndi zinthu zina za eni mzinda. Zimene anataya sizingabwererenso.

Komabe choonadi chinatuluka. Mu 1905 katswiri wina, David Randall-MacIver, anafufuza nanena kuti omanga anali anthu a mu Africa. Mu 1929 mayi wina, Gertrude Caton-Thompson, anakumba mosamala kufikira pansi penipeni, napeza zomwezo. Lero akatswiri amavomerezana kuti anali makolo a Ashona. Koma boma la Ian Smith silinafune kuti zimenezi zilembedwe poyera m'mabuku a alendo. Katswiri wa boma lomwelo, Peter Garlake, anakana kubisa, ndipo mu 1970 anachoka m'dzikomo.

Ufulu utabwera mu 1980, dzina la Rhodesia linachotsedwa, dziko n'kutenga dzina la nyumba zija. Mu 1986 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi.

Mukadzaona mbendera ya Zimbabwe, mudzayang'ane mbalame imene ili pamenepo. Pamzindapo panapezeka mbalame 8 zosema pamwala wofewa, ndipo zambiri zinatengedwa kupita kunja. Zina zinabwezedwa kuchokera ku South Africa ufulu utangobwera. Ina inali yoduka pakati. Mutu wake unatsala kwao, koma mbali yam'munsi inakhala ku Germany zaka zambiri, mpaka mu 2003 pamene anaipereka kwa eni ake, zidutswa ziwirizo n'kulumikizidwanso.