Ife a geni, wotidulira penshoni ndani?

  Ine ndimagulitsa zitenje mumsika wa Lilongwe, katundu ndimakapikula ku Kamwala ku Lusaka, ndipo ena mwa inu takhala tikugona limodzi m'basi pachipata cha Mwami kudikira kuti kuche. Sukulu ndinalekeza Fomu 4, choncho musayembekezere za m'mabuku. Ndikamba zomwe ndaona kunyumba kwanga.

Mayi anga ali ndi zaka 74. Anagulitsa tomato ndi usipa kuyambira ndili kumbuyo mpaka mawondo atakana. Anatiphunzitsa ana asanu ndi geni imeneyo, ndipo palibe tsiku lomwe tinagona ndi njala. Koma tsiku lomwe anasiya kupita kumsika ndi tsiku lomwenso ndalama inasiya kulowa m'nyumba mwawo. Lero sopo, mankhwala a BP, ngakhale ndalama ya chopereka kutchalitchi, amadikira ine. Akafuna kupempha amayamba ndi kupepesa. Mayi amene anandilera akundipepesa chifukwa cha K3,000. Zimenezi zimandiwawa, ndipo ndikamawayang'ana ndimadziona ndekha zaka 30 zikubwerazi.

Anzathu olembedwa ntchito ali ndi chinthu chomwe ife tilibe. Ku Malawi, kuyambira 2011, lamulo limati wantchito adulidwe K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, abwana awonjezere K10, zonse zipite kuthumba la penshoni. Ku Zambia kuli NAPSA, kumene wantchito amaponya 5 abwananso 5. Ku Mozambique kuli INSS, ku Zimbabwe kuli NSSA. Mayina ndi osiyana koma kayendetsedwe kake ndi kamodzi. Ndalama imachotsedwa munthu asanaigwire m'manja, ndipo imatsekeredwa kuti asaitenge nthawi ina iliyonse yomwe wafuna. Mphunzitsi kapena dalaivala sakhala wanzeru kuposa ife pa ndalama. Kungoti iye amasungiridwa mokakamiza, mwezi ndi mwezi, kaya kunyumba kuli maliro kaya kuli ukwati.

Tsono ife a geni, wotidulira ndani? Bwana wanga ndine ndemwe, wantchito ndine ndemwe. Ndikatseka benchi madzulo, ndalama yonse ili m'chikwama changa, ndipo aliyense amene ali ndi vuto amadziwa kuti ili mmenemo.

Ena munena kuti, nanga si tili ndi gulu? Zoona, ndipo ine sindinganyoze gulu. Kwathu timati banki m'khonde ndi chipereganyu, a ku Zambia mumati chilimba, a ku Zimbabwe mukando, a ku Mozambique xitique, a ku Joni stokvel. Gulu ndi lomwe linandichotsa m'manja mwa akatapila, ndi lomwe linandipatsa mpamba wa ulendo wanga woyamba wa ku Lusaka. Koma tiyeni tinene chilungamo. Tikagawana masheya mu Disembala, ndalama ija imafika Febuluwale? Feteleza, fizi ya ana, zovala za Khirisimasi, katundu watsopano, yatha. Ine ndakhala m'gulu zaka 12, ndagawana ka 12, ndipo nditakhala pansi kuwerenga zomwe ndasungira ukalamba wanga pa zaka zonsezo ndinapeza palibe. Ndalama ya gulu ndi ya chaka chimodzi. Ukalamba umafuna ndalama ina, yosagawana.

Chomwe chinanditsegula maso ndi nkhani ya bambo a kunyumba. Anagwira ntchito ya udalaivala pa kampani ina zaka 11. Mwezi uliwonse pa pepala la malipiro pankalembedwa kuti penshoni yadulidwa, ndipo ife tinkagona tulo poganiza kuti ndalama ikuunjikana. Kampani itachepetsa antchito, anapita kukafunsa kwa osunga penshoni. Anakapeza kuti zomwe zinafikako ndi za zaka zinayi zokha. Zaka zina zonsezo abwana ankadula koma osatumiza. Tinayenda maofesi miyezi yambiri, ndi mapepala a malipiro omwe mwamwayi ndinkasunga m'chikwama cha ziphaso, ndipo zina zinabwezedwa, zina mpaka lero tikudikira.

Ndiye inu amene amuna anu, ana anu kapena inu eni muli pa ntchito yolembedwa, mukafika kunyumba mukachite zinthu ziwiri. Choyamba, mukafunse sitetimenti ya penshoni kuchokera kwa osunga ndalamawo, osati kwa abwana, ndipo muzitero chaka chilichonse. Pepala la malipiro limangonena kuti ndalama yadulidwa, koma sitetimenti ndi yomwe imaonetsa kuti yafika. Ngati sizikugwirizana, ku Malawi nkhani zotere zimapita ku Reserve Bank, komwe amayang'anira makampani a penshoni. Musadikire kuti ntchito ithe, chifukwa kampani ikatsekedwa kulondola ndalama kumavuta kwambiri. Chachiwiri, mukafunse kuti pa fomu ya odzalandira ndalama munthu akamwalira panalembedwa ndani. Amuna ambiri analemba fomuyo ali mbeta, asanakwatire, ndipo sanaisinthepo. Mnzanga wina wa mumsika anaferedwa mwamuna, ali ndi ana atatu, n'kupeza kuti dzina lake ndi la ana palibe. Kufunsa zimenezi si kulodza mwamuna wako. Chakudza sichiimba ng'oma.

Kwa inu a ku Joni, ndi inu amene ana anu ali kumeneko, mukudziwa kuti kuyambira pa 1 Seputembala 2024 penshoni ya ku South Africa inagawidwa miphika iwiri. Pa ndalama yomwe munthu akuponya, gawo limodzi mwa magawo atatu limapita mumphika womwe angathe kutapamo kamodzi pachaka, magawo awiri amatsekedwa mpaka adzapume. Ku Zambia nako mu 2023 analola anthu kutapako 20 pa 100 iliyonse ya ndalama zawo za NAPSA. Ine sindikuweruza amene anatapa, mavuto amasiyana. Koma ife makolo tisamaumirize ana kuti atape chifukwa tamva kuti mphika watsegulidwa. Ku Joni yotapayo imadulidwa msonkho, ndipo mwana wakoyo nayenso adzakalamba. Komanso amene abambo kapena agogo anu anagwira ntchito m'migodi ya kumeneko, dziwani kuti kuli ndalama zambiri za penshoni zomwe eni ake sanakatenge. Bungwe la FSCA limafufuzira anthu mayina kwaulere. Wina akabwera pakhomo kuti mumupatse ndalama kuti akutsegulireni fayilo, mukaneni.

Tsopano ndibwerere kwa ife eni. Nkhani ya bambo a kunyumba itachitika, ndinadzifunsa kuti, ngati lamulo limakakamiza bwana kusungira wantchito wake K15 pa K100, bwanji ine sindidzisungira, pomwe bwana ndi wantchito ndine ndemwe? Ndinayamba ndi kulekanitsa mpamba ndi phindu m'kope, chifukwa ambirife timadya mpamba tikuganiza kuti ndi phindu. Kenako ndinadziikira lamulo: tsiku lililonse la msika, ndisanagule ndiwo, K2,000 ichoke. Ndimaitumiza pafoni kunambala ina yomwe simu yake imakhala kunyumba, chifukwa ikakhala m'chikwama ndimadzidziwa ndekha. Masiku 26 pamwezi ndi K52,000. Pachaka ndi K624,000. Pa zaka 15 ndi K9,360,000, osawerengera chiwongoladzanja. Mwezi ukatha ndimaisamutsira kumalo komwe sindingaitape msanga.

Malo oterowo alipo ngakhale kwa ife osalembedwa ntchito. Ku Malawi lamulo latsopano la penshoni la 2023 linatsegula khomo kuti munthu wodzilemba yekha alowe penshoni mwa kufuna kwake. Ku Zambia NAPSA imalembetsa anthu a m'misika, ndipo ku Mozambique INSS imalandira ogwira ntchito paokha. Kulinso ma SACCO. Musanapereke ndalama, funsani mafunso omwe mumafunsa mukamapikula katundu. Kodi muli ndi chiphaso cha boma? Mumadula zingati pa ndalama yanga? Ndikadumpha mwezi chifukwa geni yavuta, chimachitika n'chiyani? Ndidzayamba kulandira ndili ndi zaka zingati, ndipo ndikafa isanakwane nthawi imapita kwa ndani? Akakuyankhani mozungulira, nyamukani. Ife timadziwa kusiyanitsa chitenje chenicheni ndi chosuluka, tisachite manyazi pamaso pa munthu wa tayi.

Sindikubisirani kuti penshoni nayo ili ndi mdani wake, ndiye kugwa kwa ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha yathu inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo ife opikula kunja tinalira tonse. Amayi a ku Zimbabwe mukudziwa zoposa apa, chifukwa munaona makolo anu mu 2008, anthu ogwira ntchito moyo wawo wonse, penshoni yawo itasanduka yosagula ngakhale buledi. Wina akandiuza kuti sakhulupirira mapepala, ndimamumvetsa. Koma yankho lake si kusiya kusunga, kapena kukwirira ndalama pansi pa matiresi pomwe imagwa msanga kuposa kwina kulikonse. Mphika umakhala pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba ndi gulu, la mpamba ndi mavuto a chaka chino. Lachiwiri ndi ndalama yotsekedwa, ya penshoni kapena ya ku SACCO. Lachitatu ndi chinthu chooneka ndi maso, kaya puloti, kaya kanyumba ka lendi, kaya ziweto, ndipo mapepala ake akhale m'dzina lanu, kapena dzina lanu likhalepo pamodzi ndi la bambo. Taona amayi angati akuthamangitsidwa panyumba yomwe anamanga ndi ndalama ya geni yawo, chifukwa pa pepala panalibe dzina lawo?

Wina anandifunsa kuti, nanga ana ukuwaphunzitsawa si penshoni yako? Ana anga ndimawakonda, ndipo ndikudziwa kuti sadzanditaya. Koma mwana wanga woyamba anamaliza koleji zaka ziwiri zapitazo ndipo mpaka pano akundithandiza pabenchi chifukwa ntchito kulibe. Akadzakhala ndi banja lake adzakhala ndi fizi yake yolipira. Ndikufuna akadzandipatsa kanthu, adzandipatse mokondwa, ine n'kulandira mothokoza, osayamba ndi kupepesa.

Ndili ndi zaka 46, ndipo ndinayamba mochedwa. Ndikanayamba ndili ndi zaka 30 bwenzi lero ndikuyankhula nkhani ina. Inu atsikana amene mwalowa m'magulu athu posachedwa, musadikire kuti geni ikule kaye. Yambani ndi K500. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Pomaliza, mayi wapampando, ndili ndi pempho kwa atsogoleri. Pamsonkhano uliwonse wa gulu timafunsana kuti wagula masheya angati ndipo ngongole wabweza zingati. Ndikupempha kuti m'kaundula mwathu tiwonjezere mzere umodzi, woti aliyense azinena zomwe waika pambali za ukalamba mwezi umenewo, n'kuonetsa lisiti kapena uthenga wa pafoni. Ndalamayo gulu lisasunge, aliyense aziika komwe wasankha m'dziko lake, koma tizifunsana. Abwana otikakamiza tilibe, koma tonse tikudziwa mmene timaopera kufika pagulu chimanjamanja. Manyazi omwewo atigwirire ntchito. Ndipo gulu lililonse, chaka chino chisanathe, liitane munthu wodziwa za penshoni m'dziko lawo kuti adzayankhe mafunso athu pamaso pa tonse.

Amene mukubwerera kutali, muyende bwino, katundu wanu adutse bwino m'zipata.