CHITSAMBA CHA TSACHE NDI KUKONGOLETSA PABWALO

Awa ndi mau amene mnyamata wa mu ofesi yathu ya zofalitsa nkhani analankhula kwa mafumu, aphunzitsi ndi makolo a m'makomiti a sukulu pa msonkhano wa ku Dowa. Tawasindikiza kuti anzathu a ku Ntchisi awerengenso.

Ambiri a inu munayamba kubzala mitengo ine ndisanabadwe, tsono ngati ndiphonya pena mundikonze ndikatha.

Nkhani yanga iyamba ndi kapepala ka njere. Mwezi wathawu aphunzitsi ena a cha ku Mvera anadza ku ofesi ndi njere zofiirira, zochepa ngati mphodza. Alamu ao, amene agwira ntchito yosamala maluwa ku Cape Town, ndiwo anazitumiza pamodzi ndi chithunzi cha chitsamba chodzaza ndi maluwa achikasu. Anazitola okha m'mbali mwa mseu. Aphunzitsiwo anafuna kuzifesa m'mphepete mwa njira yolowera pa sukulu, ndipo funso lao linali limodzi: kodi zifesedwa mwezi uti? Ine ndinatenga chithunzicho kupita nacho kwa alangizi a zaulimi, ndi kuwerenganso m'mabuku. Zimene ndinapeza ndizo ndadza nazo lero.

Chitsambachi Angerezi achitcha broom, ndiko kunena tsache. Kale ku Ulaya anthu ankadula nthambi zake zoonda, kuzimanga pamodzi ndi kusesera, monga achitira amayi athu ndi tizitsamba ta kuthengo popanga tsache la panja. Chotero dzinalo mwini wake ndi chitsamba, tsache linachita kubwereka. Mitundu yake ndi yambiri, koma yodziwika ndi iwiri. Wina kwao ndi ku maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Spain ndi Italy, ndipo akatswiri autcha Spartium junceum. Ndiwo unali pa chithunzi chija. Wina ndi wa ku England, Scotland ndi maiko oyandikana nao, dzina lake Cytisus scoparius. Mukauona patali mungati nkhadze yoonda, pakuti nthambi zake nzobiriwira ndipo masamba ndi owerengeka. Utalika kuposa munthu. Maluwa ake afanana ndi a nandolo, popeza uli m'banja limodzi ndi nyemba, ndipo ku mizu uli ndi timibulu tija tionanso pa mtedza ndi soya, timene tiwonjezera chonde m'nthaka.

Aphunzitsi a mbiri yakale akumbukira mafumu a ku England otchedwa Plantagenet, amene anayamba kulamulira mu 1154. Dzinalo linachokera ku chitsamba chomwechi, planta genista m'Chilatini, pakuti amati kholo lao Geoffrey wa ku Anjou ankatsomeka kanthambi kake pa chipewa.

Okonza minda ya maluwa achikonda chifukwa sichivuta. Chimera pa nthaka ya miyala, pa mtsetse, popanda manyowa, ndipo chipirira chilala. Maiko ena anachibzala dala m'mbali mwa miseu kuti chigwire dothi. Mukamva zotere mudziwa chifukwa chake aphunzitsi aja anachisirira, pakuti nthaka yotere ndiyo yozungulira sukulu zambiri za m'mapiri athu ano.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makoko ake akauma aphulika ndi dzuwa, ndi kuponya njere kutali ndi tsinde. Chitsamba chimodzi chachikulu chibala njere zikwizikwi pa chaka, ndipo njerezo zili ndi khungu lolimba, kotero kuti zikhoza kugona m'nthaka zaka 30 zisanafe. Chimene chizidzutsa msanga ndi moto. Tsono taganizani ife amene titentha tchire chaka ndi chaka posaka mbewa: moto upsereza chitsamba chimodzi, mvula ikagwa pamera ana mazana. Ng'ombe sizichikonda, chotero chikalowa pa busa msipu ndiwo uchepa. Chilinso ndi ululu, makamaka m'njere, ndipo mwana wa Sitandade 1 sangasiyanitse khoko lake ndi la nyemba yodyedwa.

Izi zinachitika kale kwa anzathu. Mu 1850 Mzungu wina, Walter Grant, anabzala mtundu wa ku Scotland pa malo ake ku Sooke, pa chilumba cha Vancouver ku Canada. Lero anthu a kumeneko asonkhana chaka chilichonse kuudula m'mbali mwa miseu, koma sutha. Ku New Zealand ulimbana ndi mitengo ya paini m'nkhalango zobzala, ndi kulanda mabusa a nkhosa. Ku South Africa komwe kunachokera njere zija, malamulo a 2014 anaika mitundu iwiri yonse pa mndandanda wa zomera zoononga, ndipo munthu saloledwa kuigulitsa kapena kuibzala. Chimene alamu aja anachiyesa duwa, Boma la kumeneko lichiyesa tchire loyenera kuzula.

Ndipo sitifunika kupita kutali. Lantana uja wadzaza m'mbali mwa njira ndi m'mabusa, wa timaluwa tokongola ndi timinga, kwao ndi ku America. Anadza ngati duwa la mpanda. Mbalame zinadya zipatso zake ndi kumwaza njere ponseponse, ndipo ng'ombe ikadya masamba ake ochuluka idwala chiwindi, khungu ndi kumasupuka. Namasupuni wa mu mtsinje wa Shire nayenso kwao ndi ku South America, ndipo anthu anamufalitsa m'maiko chifukwa cha duwa lake. Iye ndi zomera zinzake za m'madzi akhala akutseka makina a magetsi ku Nkula. Palibe munthu anabzala izi ndi mtima woipa.

Chimene chindidetsa nkhawa koposa ndi nkhalango ya pa phiri la Ntchisi, imene Boma linaiteteza mu 1924. Nkhalango za mitengo yobiriwira chaka chonse zatsala zochepa m'chigawo chapakati, ndipo mitsinje imene midzi yozungulira imwa ichokera m'menemo. Mapiri athu ndi ozizira, pali malo ouma a miyala, pali moto wa chaka ndi chaka. Ine sindifuna kuti Dowa kapena Ntchisi akhale malo oyesera chitsamba chimenechi. Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lathu lifuna chilolezo cha a Unduna wa Zaulimi munthu asanalowetse mbewu kapena mbande zochokera kunja, ngakhale zadza m'kalata ya mbale.

Mwina wina anena mumtima: mnyamatayu wadza kudzatiletsa maluwa. Iai. Ndifuna tibzale ambiri, ndipo chifukwa chake ndi tsache lomweli, lathuli. Pitani pa sukulu iliyonse imene yakhala zaka 20, muyang'ane pansi pa khoma. Mudzaona maziko ali poyera, ndi mizu ya mango ili pamtunda. Ana asesa m'mawa uliwonse, tsache lichotsa dothi pang'onopang'ono, mvula ya Januwale ndi kumaliza chotsala, pakuti bwalo lili mbee ndipo lili pa mtsetse. Pa sukulu imene ndinaphunzira ine, khwerero loyamba la kalasi yathu linatalika mpaka ana ang'ono ankakwera chokwawa. Tinkanyadira kuti bwalo lathu ndi laukhondo, osadziwa kuti tikulisesera ku dambo.

Tsono ngati mtima wanu uli pa duwa la mtundu wa broom, abale ake tili nao kale. Woyamba ndi nandolo. Maluwa ake ndi achikasu, ena a mizere yofiira, ndipo achita maluwa m'miyezi yozizira pamene bwalo layamba kuuma. Mizu yake ipita pansi kwambiri, masamba oyoyoka asanduka manyowa, nthambi zouma ndi nkhuni, ndipo pamapeto pali ndiwo. Mukamudulira mutakolola aphukanso chaka chachiwiri. Nandolo nayenso ndi mlendo, anachokera ku India kalekale. Chotero mlandu wa chomera si kuchokera kunja ai, koma khalidwe lake chikafika. Nandolo sathawira kuthengo. Vuto lake kuno kwathu tilidziwa tonse: mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola chimanga, ziyambira pa iye. Apa mafumu ndinu mungatithandize, kuti malo a sukulu akhale oletsedwa kwa ziweto chaka chonse.

Wachiwiri, amene ine ndimuika patsogolo pa malo osatchinga, ndi mthuthu, umene ena autcha ombwe. Uwu ndi wa mu Africa mommuno. Ukula msanga kufika msinkhu wa munthu, masamba ake ndi otuwa a ubweya, maluwa ake ndi akulu, oyera kapena ofiirira, ndipo mbuzi siziufuna. Masamba ake mukawasinja ndi kuwaviika m'madzi usiku wonse, madziwo apha nsabwe za pa ndiwo zamasamba ndi nkhupakupa za ziweto. Muyeso wake mufunse alangizi. Ofufuza anapeza kuti mthuthu wina wa m'Malawi muno ulibe mphamvu imeneyi ngakhale uoneka chimodzimodzi, tsono mbewu mutenge kwa mnansi amene wake anauyesa ndipo unagwira ntchito.

Pa mthuthu ndichenjeze zinthu ziwiri. Makolo ankaupondera m'mitsinje kupha nsomba. Lamulo liletsa zimenezo, ndipo ana auzidwe msanga asanamve kwa anzao. Chachiwiri chikhudza ife a Dowa, dziko la fodya. Mizu ya mthuthu isunga tinyongolotsi tija titupitsa mizu ya fodya ndi matimati. Musaubzale pafupi ndi nazale ya fodya kapena pamene mudzaika matimati chaka chamawa. Jerejere, wa maluwa achikasu wokonda malo a chinyontho, ali ndi vuto lomwelo.

Nkhadze ndi mpanda wabwino pa khola ndi kumanda, koma pa sukulu ai. Utomoni wake ukalowa m'diso ndi tsoka, ndipo ana sasiya kuthyola nthambi.

Tsopano za kabzalidwe. Cholakwa chimene ndiona kawirikawiri ndi kubzala mzere wotsika ndi phiri, chifukwa njira nayo itsika choncho. Mzere wotere uonetsa madzi njira. Bzalani mopingasa mtsetse, monga muchitira ndi akalozera m'munda, ndipo alangizi ali ndi chipangizo choyezera chimene ana a Sitandade 7 angaphunzire tsiku limodzi. Pa mzere woyezedwawo yambani ndi vetiva wothithikana, ndipo kumtunda kwake, kutalika mita imodzi, ikani zitsamba zanu motalikirana mita imodzi. Vetiva agwira dothi, zitsamba zipatsa maso chokondwera nacho. Njere za mthuthu muziviike m'madzi usiku umodzi, mubzale ziwiri kapena zitatu pa phando mvula ikakhazikika, ndipo zikamera musiye imodzi yamphamvu. Zikafika m'chiuno tsinani nsonga kuti zichite nthambi zambiri, zisatalike ngati mzati.

Siyani mamita atatu pakati pa khoma ndi chitsamba choyamba, kuti mphepo ndi kuwala zilowe pa zenera, ndi kuti njoka isowe pobisala pafupi ndi khomo. Zazitali zikhale kumbuyo ndi kumbali kumene ichokera mphepo ya mwera, zazifupi kutsogolo. Chimbudzi, bafa ndi dzenje la zinyalala zibisike kuseri kwa mzere wa mthuthu, koma njira yopitako ikhale yoyera. Pakati pa bwalo okani kapinga, ndipo tsache lisese njira zokha. Miyala yopaka laimu ija tiikonda m'mbali mwa njira ndi yabwino, koma mwala sugwira madzi ngati muzu. Ndiwonjeze kuti mthuthu ndi nandolo sizikhalitsa, pakapita zaka zitatu ziyamba kufooka. Chotero kalasi imodzi ipatsidwe udindo wosunga mbewu chaka chilichonse, kuti pakafa chitsamba pabzalidwe china mvula yomweyo.

Ngati pali wina amene analandira kale njere zotere ndipo anafesa, asachite manyazi. Azule zomerazo ndi mizu yomwe zisanachite maluwa, ndipo aziyang'ana malowo mvula iliyonse kwa zaka zingapo. Njere zotsala asatayire kudzala, apereke kwa alangizi. Aphunzitsi a ku Mvera aja anasiya kapepala kao mu ofesi ya zaulimi, ndipo anabwerera ndi theka la chitini cha mbewu ya mthuthu. Anadandaula pang'ono kuti maluwa ake si achikasu, tsono tinapangana kuti mzere wa kutsogolo udzakhala wa nandolo ngati a mfumu a kumeneko avomera za mbuzi. Nyengo yotola mbewu ndi ino ya chilimwe pamene makoko auma, ndipo amene afuna kuti alangizi adzayeze mizere pa sukulu yao alembetse kwa ine tisanabalalike, kuti ntchitoyo ithe mwezi wa Novembala usanafike.